Phale lakuda pa mtsuko wanu

Amayi, kodi mwagona bwanji kumeneko? Kuno ku Mphamba tilipo, kungoti nyumba yakula poti ndatsalamo ndekha.

Mlongo wanga Yotamu ali chete kumigodi. Ndinangomva kwa anthu kuti mkazi wake wabereka mwana wamkazi. Chimanga chachita bwino, koma fodya anapsa ndi dzuwa. Kuboma ku Lundazi sopo ndi wa pamzere, ndipo wopanda khadi la chipani salowa mumsika.

Nkhani yeniyeni ndi mtsuko wanu wofiira uja, womaliza kuumba musanadwale. Mbuzi inaugunda, nkubooka pamimba, kachidutswa kake nkunyenyeka. Ine ndinakhala pansi nkulira ngati maliro anu ayambanso. Paja pakhosi pake pali podinda chala chanu, ndipo potunga madzi ndimaika changa pomwepo. Chinthu china chokhala ndi dzanja lanu ndilibe.

Munkati, "Chosweka usataye, chifunse kaye chikufuna chiyani." Ndinafunsa, Amayi. Chinkafuna phale. Ndinayesa mapale onse a kuseri kwa nkhokwe, koma ena opyapyala, ena osapindika bwino.

Tsono musakwiye. Amene anabweretsa phale loyenera ndi a Nyazimba, akazi anzanu a pamitala aja munkakana ngakhale kupala moto kwawo. Akalamba zedi, akuyendera ndodo, ndipo nawonso chimwalirire Atate alibe wowayankhula. Anamva kulira kwanga, mmawa mwake nkubwera ndi chidutswa cha mphika wawo wakuda. Anachipera pamwala mpaka chinalowa pabowo kuti khathi, ine nkumata ndi phula ndi utomoni. Tsiku lonse tinakhala limodzi pakhonde, dzina lanu osalitchula.

Mtsuko wanyansa, ndisaname. Chigamba chakuda pa dothi lofiira chikuonekera patali, ndipo ndikudziwa mukanatsonya. Usiku woyamba ndinaganiza zochichotsa, poopa kuti ndakuchititsani manyazi. Koma kutacha ndinapeza pansi pouma gwa, madzi ali ozizira monga kale.

Tsopano a Nyazimba amabwera masana aliwonse, ati kudzaona ngati mtsuko ukudontha. Sukudontha, iwonso akudziwa. Ndimawatungira madzi, amamwa, timakhala.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Mtsuko ndiusamala mpaka tidzaonane, ndikulonjeza. Koma phale lija sindichotsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tamara