Katoni ya TV Isatayidwe

Loweruka, Ogasiti 2013. Ndatopa, koma mtima uli mbee.

Lero ine ndi abambo a Tadala tagula TV yatsopano, zopyapyala zija. M'takisi yobwerera ku Umlazi, komwe tikukhala kuno kunja kwa dziko lathu, anaifungatira ngati khanda. Alandilodi akana zoboola khoma, ndiye taikhazika patebulo langa lodulira nsalu. Mawa ndidulira pati, kaya.

Titaiyatsa tinapeza mpira. Ine ndimati munthu ayamba kukuwira zigoli. Ayi ndithu! Ntchito ya m'gadeni inawalowa m'magazi amuna angawa. Anasendera pafupi n'kuloza kumapazi kwa osewera.

"Amayi a Tadala, taonani kapingayu! Tsamba lililonse likuoneka. Anatchetcha apa ndi katswiri."

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako anati chapansipansi, "Wotereyu ndidzadzala pakhomo pathu ku Balaka."

Zaka zonsezi akusamalira mabwalo a eni, zobwerera kumudzi anasiya kuzitchula, moti ndinkaopa kuti anaiwalako. Koma nditanyamula katoni ya TV ija kuti ndikataye, anandigwira mkono.

"Musataye. Nanga TV-yi pabasi ya kumudzi idzakwera bwanji?"

Katoniyo tsopano yatsekereza njira yopita kubedi, ndapunthwapo kale kawiri. Koma aliyense woyerekeza kuichotsa, andiona...