Chifuwa cha Ababa mu Sipika ya Kumbuyo

Mayfair, Joni
Ogasiti 2004

Achemwali anga a Esnat,

Ndiyambe ndi moni, mungamanene kuti Joni yandichotsa ulemu, ngakhale ulemu wakewo unali wochepa kale ndisanakwere basi. Muli bwanji ku Mbombweko? Alamu anga a Frackson akupalasabe kabaza, kapena pano njinga ija ndi imene ikuwapalasa iwowo? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kulibe chibale. Ndimagona nditavala jekete ndi chipewa ngati mlonda.

Kaseti ya amayi ndinalandira kwa a Nikodemo, adalaivala a thiraki aja. Zikomo. Kaseti yomweyo ndi imene yandigwiritsa bolopeni lero, ine amene ndinathawa bolopeni mu Sitandade 6. Zilembo zikapindika muziwongola nokha.

Ntchito ndikadali kwa a Halidi, mkulu wa ku Mangochi uja wokonza mawailesi. Kale ndinkangosesa, koma pano amandilola kugwira chitsulo chowotcherera mawaya. Zala zopanda chipsera zanditsalira ziwiri.

Sabata yatha bwana wina anabweretsa chiwailesi cha masipika asanu, amati homu fiyeta. Awiri amakhala kutsogolo uku ndi uku, ina pakati, awiri kumsana kwa munthu. Ukamaonera filimu, galimoto imachokera kumbuyo kwako. Ine tsiku loyamba ndinapatuka kuti idutse, a Halidi mpaka misozi ndi kuseka.

Ndinawafunsa kuti kaseti ili ndi njira ziwiri zokha za mawu, yakumanzere ndi yakumanja, nanga masipika asanuwa amagawana chiyani. Anatsegula chiwailesicho n'kundionetsa kachinthu kakuda kamiyendo yambirimbiri ngati bongololo, kochepa ngati chikhadabo. Akuti dzina lake ndi aisi. Ntchito yake ndi kumvetsera njira ziwiri zija n'kumaziyerekeza. Mawu akamamveka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, kamadziwa kuti mwini wake waima pakati, ndiye kamawaponya ku sipika yapakati. Akakula mbali imodzi, kamawasiya mbali yomweyo. Koma mawu ofika mosemphana, monga phokoso lakutali limene layamba lagunda makoma, kamawatolera n'kuwatumiza kumbuyo. Ndinawauza kuti ndiye kali ngati achemwali anga, amene amamva zimene ukuwauza ndi zimene akunong'ona anthu kuseri kwa nyumba nthawi imodzi. Anati ndisiye zibwana ndigwire sikuludalaiva.

Aisi ya bwanayo inali itapsa. Titaika yatsopano, a Halidi anati tiyese ndi kaseti iliyonse. Ya amayi inali m'thumba la jekete. Pa kawailesi ka kuchipinda kwanga ndinali nditaimvera kale kangapo, osamva chachilendo. Ndiye ndinati lero amayi alankhule ngati a mufilimu. Paja wailesi imene ndinatumiza kwanuko ili ndi timaiki tiwiri, kena uku kena uku, ndiye imajambula njira zonse ziwiri.

Amayi anatulukira pa sipika yapakati, bwinobwino ngati akhala pamphasa patsogolo panga. Amati kumudzi kuli bwino, nandolo wachita bwino chaka chino, mbuzi yakuda ija yaswa awiri, ndipo ndisaiwale kutchalitchi. Za ababa anati apita ku Njuli kukafunsa za feteleza, n'chifukwa chake ulendo uno sanalankhule. Ine kumangomwetulira.

Kenaka kumsana kwanga kunatsokomola munthu. Ndinatembenuka, ndimayesa kasitomala walowa. Kunalibe munthu, sipika basi.

Achemwali, chifuwa cha ababa ine ndimachidziwa kuposa nonsenu. Amatsokomola kawiri, kupuma, kenaka kamluzu kaja kumapeto. N'chimene chinkandiuza kuti atsala pang'ono kufika ndikathawa sukulu, ndizidumpha pawindo. Chomwecho n'chimene chinamveka. Kungoti ichi chinali chachitali, chochokera pansi penipeni, ndipo kamluzu kaja kanachedwa kutuluka mpaka ine ndinasiya kupuma ndikukadikira.

Tinabweza kaseti. A Halidi anazula mawaya a masipika akutsogolo n'kusiya akumbuyo okha. Inu mukudziwa kuti tikajambula kwathu pakhonde pamamveka nkhuku, mtondo, ndi ana a mng'ono wanu Elsie akulimbirana kuyimba. Umu munalibe nkhuku ngakhale imodzi. Munali chichipinda chachikulu cha simenti chobweza mawu, tayala la kangolo likulira kwii kwii, wina akubuula chapatali, ndi mayi wina akukuwa kuti magadiyani onse atuluke, adokotala akubwera. Kaya Njuli yasintha chichokereni ine, koma feteleza sagulitsa malo otero. Ine ndikuti ndi kuchipatala cha pa Boma, wodi ya amuna.

A Halidi anayesa kundilimbitsa mtima. Anati kachinthu kaja nthawi zina kamasokoneza, kamaika kumbuyo mawu oyenera kukhala kutsogolo, komanso kuti anthu otsokomola mofanana alipo ambiri. Ndinawafunsa ngati kamapekanso mawu amene mukaseti mulibe. Anayang'ana pansi, anati ayi, zimenezo sikachita. Kenaka anandipangira tiyi, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni ine pano. Tiyi ameneyo anandiopsa kuposa chifuwacho.

Ndinaimba ku telefoni byuro ya pa Njuli. Mtsikana wa pamenepo anati auza wa kabaza akuitaneni. Nditaimbanso anati palibe anabwera. Mwina uthenga sunafike, mwina munali komweko kuchipatala, mwinanso munadziwa kuti ndi ine ndipo munaopa kuti pa foni simutha kunama. Kaya.

Amayi sindikuwakwiyira. Ndikudziwa chimene akuopa. Masiku anga a mupasipoti anatha kalekale, ndipo ndikangowoloka malire kubwerera kuno si masewera. A Halidi nawo anena poyera kuti malo anga sangawasunge, pali anyamata ambiri akudikira pakhomo. Ndiye amayi aganiza kuti bola Trevor asadziwe, azingowotcha mawaya ake. Koma taganizani, achemwali, munthu wa zaka zawo kunyamula wailesi mpaka m'wodi, kukhala pambali pa bedi la amuna awo n'kumandiuza za mbuzi ndi mawu osanjenjemera. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ababa anali pomwepo, akumva akuwanenera kuti ali ku Njuli, ndipo sanatsutse. Ababa amene aja? Amene amatsutsa ngakhale wolengeza nyengo pa wailesi?

Chigwirireni ntchito kwa a Halidi sindinalakwitsepo waya wofiira ndi wakuda, koma sabata ino ndalakwitsa kawiri. Ndikamayenda mumsewu wina akatsokomola kumbuyo, ndimatembenuka.

Ngati ndi TB, anthu amachira akamamwa mankhwala bwino. Ngati ndi zinazi zimene zatha anthu kwathuko, musachite nane manyazi, si ine mwana ayi. Ndamva kuti masiku ano pa Boma pamapezeka thandizo. Chimene sindikufuna n'kudzamva kwa adalaivala a thiraki zonse zitatha kale.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envelopu muno ndaikamo kaseti yatsopano ndi mabatire. A Nikodemo akatsitsa katundu ku Limbe sachedwa kubwerera, ndiye musazengereze. Tengani wailesi muiike patsogolo pa ababa, pakamwa pawo palunjike pakati pa timaiki tija, kuti adzatulukire pa sipika yapakati, osati kumsana kwanga. Asandiuze kuti ali bwino, mawu amenewo ndawamva kale. Andikalipire za sukulu ngati mmene amachitira kaseti iliyonse, kuti anzanga ali mu ofesi ine ndili kosesa kwa eni. Akandikalipira mpaka kumapeto, mpweya osawathera, ndikhala kuno ndipo ndidzapepesa amayi. Ngati sangathe, musajambule kalikonse. Bwezani kaseti yopanda mawu, ine ndimva, ndipo ndikwera thiraki yomweyo. Chikwama ndalongedza kale, chili kuseri kwa chitseko.

Ndipo musayese kukajambulira pakhonde n'kuwauza alamu kuti ayerekeze mawu a ababa pakati pa nkhuku. Kabongololo kaja kadzakuululani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti za mbuzi ndamva ndipo ndakondwa. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Nabanda, kwa Elsie ndi gulu lake lankhondo, ndi kwa mng'ono wanga Mathero, amene ndikudziwa kuti nsapato zanga zakutchalitchi akuvala ndi iyeyo.

Ababa okha musawapatse moni wanga. Muwauze kuti Trevor wati sukulu n'kutaya nthawi. Muwauze wailesi mutaitsegula kale.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Trevor