Za Nyumba Nambala 7 ndi Kiyi wa a Saidi

Komiti Yaing'ono ya Khonsolo Yowunika Nyumba za Okalamba

Tsiku: Lachiwiri, 8 Okutobala 2024
Malo: Pakhonde la nyumba nambala 3, pamalo a nyumba za okalamba, Maganga

Obwera: Bambo Lenard Chikuse (wapampando), Mayi Salma Idrisa (oimira midzi ya kunyanja), Mayi Temwani Nyirongo (a zaumoyo), Bambo Ufulu Kaunda (a bungwe la Mthunzi, lomwe lamanga nyumbazi), Mayankho Kachingwe (mlembi).
Osabwera: Bambo Muhammad Ajusa (ali kumaliro ku Chinguluwe).

1. Kutsegulira

Msonkhano unayamba 9:40 m'malo mwa 9:00, chifukwa njinga ya wapampando inaphulika tayala. Mayi Nyirongo anapemphera.

2. Kuyendera nyumba

Komiti inayendera nyumba zonse khumi ndi ziwiri. Ndi za njerwa zosawotcha, zili ndi magetsi a sola ndi mathanki a madzi a mvula, ndipo pakhomo palibe masitepe. Komiti inakhutira. Bambo Kaunda anafotokoza za njerwazo kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu mpaka wapampando anawathokoza kachitatu.

3. Nkhani ya nyumba nambala 7

Bambo Kaunda anati nyumba zisanu ndi zinayi zalowedwa. Mwa zitatu zotsala, okalamba awiri anabweza makiyi, koma a Saidi Mkwanda, a zaka 79, omwe nyumba yawo inamizidwa ndi nyanja mu Epulo, anatenga kiyi wa nambala 7 ndipo kulowa sakulowa. Anati lamulo la bungwe ndi lakuti nyumba ikatha masiku makumi atatu osagonedwamo imapita kwa wotsatira pamndandanda, ndipo masikuwo akutha mawa. Anapempha komiti kuti ivomereze kulanda kiyi.

Mayi Idrisa anafunsa ngati a bungwe anafunsapo a Saidi chifukwa chake. Bambo Kaunda anayankha kuti okalamba ena amangokana zinthu zatsopano. Mayi Idrisa anati munthu amene akugona pakhonde la madrasa, mvula ili pafupi chonchi, sangakane denga chifukwa ndi latsopano. Anati vuto ndi chimbudzi. Zimbudzi za panoli ndi zopanga manyowa, zimathiridwa phulusa ndi dothi louma basi, ndipo pachitseko palembedwa kuti madzi ndi oletsedwa. Msilamu akachoka kuchimbudzi amadziyeretsa ndi madzi, apo ayi sangaswali. Atatu onse amene sanalowe ndi Asilamu.

Mayi Nyirongo anavomereza kuti madzi akalowa m'dzenjemo manyowa amaola ndi kununkha. Anati chofunika ndi kakonkiliti pambali, kokhala ndi ngalande yopita kudzenje la miyala, ndipo mmisiri angamalize m'masiku asanu.

Bambo Kaunda anati bungwe lisanenedwe, popeza pulaniyi inavomerezedwa ndi komiti yomwe ino popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe. Anafunsa kuti Mayi Idrisa anali kuti tsiku limenelo. Mayi Idrisa anati, "Eya, ndinali kuti? Mlembi atiwerengere." Mawu ena awiri amene anawonjezera sanalembedwe.

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 14 Julaye 2023. Msonkhanowo unachitika Lachisanu, kuyambira 11:30 mpaka 1:15 masana. Osabwera anali Mayi Idrisa ndi Bambo Ajusa, ndipo pa chifukwa panalembedwa kuti "apita kumzikiti". Mlembi akuvomereza kuti dzanja lolemba zimenezo ndi lake, ndipo anachita manyazi powerenga.

Wapampando anati Lachisanu analisankha okha, chifukwa ndi tsiku lomwe galimoto ya khonsolo imapezeka. Anati, "Aa, ndiye kuti tinalakwa ndife."

4. Mawu a a Saidi Mkwanda

Mayi Nyirongo anadziwitsa komiti kuti bambo amene amathirira mitengo kuseri kwa nambala 7 chiyambire msonkhano ndi a Saidi omwewo. Bambo Kaunda anati ankayesa ndi waganyu wa bungwe. Wapampando anawaitanitsa ndi kuwapatsa mpando wawo.

Atafunsidwa chifukwa chomwe akukanira nyumba, a Saidi anati sanaikane. Anati m'mawa uliwonse akaswali amayenda wapansi kuchokera kumadrasa, kudzasesa m'nyumbamo, kutsegula mawindo ndi kuthirira mitengo iwiri ya mango yomwe anapatsidwa, kenako n'kubwerera dzuwa lisanakwere, chifukwa miyendo yawo siingafike kutchire nthawi iliyonse akafuna kudzithandiza. Atafunsidwa chifukwa chomwe sananenere, anati, "Wallahi, bwana, munthu wakupatsa nyumba yaulere, ine ndiyambe kumuuza za kuchimbudzi? Pamaso pa azimayi?" Kenako anavula chingwe cha kiyi m'khosi, n'kuika kiyiyo patebulo, nati ngati nthawi yatha amupatse wina, koma amuuze kuti mtengo wa kumanzere umafuna madzi kawiri.

5. Zomwe komiti yagwirizana

(a) Pempho lolanda kiyi lakanidwa. Bambo Kaunda analibweza okha voti isanachitike.
(b) Bungwe limange malo odziyeretsera pa nyumba zitatuzo pofika pa 18 Okutobala, kuyambira nambala 7.
(c) Mayi Idrisa abwezere makiyi kwa awiri aja, ndipo wapampando apite nawo kukapepesa.

6. Zina ndi zina

Mayi Nyirongo anafunsa komwe okalamba azitenga phulusa, popeza kuphikira nkhuni n'koletsedwa panoli. Bambo Kaunda anati adzayankha pa msonkhano wotsatira.

7. Msonkhano wotsatira

Wapampando anati ukhale Lachisanu pa 25, tsiku la galimoto ya khonsolo. Mayi Idrisa anawayang'ana. Msonkhano wotsatira udzakhala Lachinayi pa 24 Okutobala, 9:00 m'mawa, m'nyumba nambala 7, ngati mwini nyumba alola. A Saidi anati alola, koma mipando abwere nayo okha.

Mayi Idrisa anatseka ndi duwa, pemphero la Chisilamu, nthawi ili 12:20. Kiyi anabwezedwa m'khosi mwa mwini wake.

Wapampando: L. Chikuse ........................
Mlembi: M. Kachingwe ........................