Amayi, Singano Yanu Yabwerera

Amayi, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munkadana nacho, munkati chinakutulutsani ngati munthu wokwiya. Ndi chokhacho chatsala chooneka bwino, ndiye mutikhululukire. Anthu ankati tidzazolowera. Sitinazolowere.

Simunakwezepo dzanja pa mwana. Matelala anzanu a mumzere uja ankakusekani kuti mukulera ana ngati mazira, inu n'kumangomwetulira mapini ali kukamwa, n'kunena kuti nsalu yokokedwa mwaukali imasokeka mokhota. Ife tikayambana, chilango chanu chinali chimodzi. Munkatiimika pawindo, pafupi ndi makina anu, wina agwire singano, wina alowetse ulusi. Wa singano asakhudze ulusi, wa ulusi asakhudze singano. Manja a munthu wokwiya amanjenjemera. Ulusi unkangopindika, tinkaunyambita mpaka kunyoweratu, mitu n'kugundana, mapeto ake wina n'kuphulika ndi kuseka. Ulusi ukalowa, mlandu watha. Lamulo lanu linali lakuti singano ya mlandu salowetsa munthu mmodzi. Tsiku lina munaimika pomwepo abambo ndi achimwene awo, amuna a ndevu zawo, magalasi ali pamphuno, ife tikugubuduka ndi kuseka kuseri kwa chitseko.

Ndikuuzeni zoona, poti bodza munkalinunkhiza lisanatuluke m'kamwa. Koleji ija ndinaisiya chaka chachitatu. Abale ndinawauza kuti ndabwerera kudzalera mng'ono wanga, Kamphepo wanu uja, koma zoona zake n'zakuti chichokereni kumanda ndinkatsegula buku n'kumangoona mizere. Kulerakonso kunandikanika. Atalephera mayeso ndinamukalipira, iye n'kundiyankha kuti wothawa sukulu asamalalikire za sukulu. Ndinamumenya mbama, Amayi. Patsogolo pa makina anu, ndi dzanja lomwe munkaligwira pondiphunzitsa kulemba. Sanalire. Anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo zatha zaka ziwiri osapondanso pakhomo pano. Masiku ano amagwira ntchito pagalaja ina kutsidya kwa tauni. Ndinamuonapo kamodzi ndili m'basi, atagona pansi pa galimoto, mapazi okha ali kunja. Ndinamuzindikira ndi mapaziwo, opindikira m'kati ngati anu. Sindinatsike.

Mwezi watha ndikupukuta makina anu, ndinapeza singano ija m'kabokosi, ili chibayire pa kansalu kake kofiira. Ndinaiika mu envelopu pamodzi ndi ulusi woyera, osalemba liwu n'limodzi lomwe, n'kupatsa achemwali kuti akamupatse Kamphepo. Itatha sabata achemwali anabwera nayo envelopuyo, ili ndi zidindo za zala za oilo. Ulusi unali utalowa kale. Achemwali akuti ndiye kuti wakhululuka, akuti mwanayo chibadwire si wa mawu ambiri. Akutero pondimvera chisoni. Lamulo lanu Kamphepo amalidziwa kuposa tonsefe, si ndiye ankaimikidwa pawindo paja tsiku ndi tsiku? Walowetsa yekha kuti ndidziwe kuti dzanja langa salifunanso.

Abambo akukusowani. Akuyenda ndi malaya oduka mabatani, sakulola telala wina kuwakhudza. Amayi aang'ono akamva makina akulira kwinakwake amasiya zimene akuchita n'kukhala pansi. Achemwali anabereka mwana wamkazi, mwanayo amachita tsinya ngati inu mukamayeza nsalu. Akuti adzamulera mmene munatilerera, ndipo akamanena zimenezi ine ndimayang'ana pansi. Munkati mwana woleredwa ndi chikondi sakhala wankhanza. Chikondi ndinachidya mpaka kukhuta, Amayi, ndiye mbama ija inachokera kuti? Nthawi zina ndimakukwiyirani pang'ono. Munatiphunzitsa zambiri, koma simunatiuze chochita tsiku limene palibe wotiimika pawindo.

Ulusi uja ndausolola. Singano ndaibwezera pa kansalu kake, ili pawindo pomwe paja, ndipo ulusi ndimayenda nawo m'thumba la malaya. Sindikuyembekeza kuti abwera. Ndimamudziwa, mtima wake ukatseka umakhala ngati wa abambo. Komabe ngati nyuzi ino ingafike pagalajapo, ngakhale ngati pepala lokulungira zitsulo, aone chithunzi chanu n'kudziwa kuti ndavomera mlandu wanga pamaso panu ndi pa anthu onse.

Ndine mwana wanu wachiwiri, m'malo mwa abambo, achemwali, amayi aang'ono ndi mdzukulu amene simunamuone. Dzina la Kamphepo sindinaliike pamndandanda umenewu, sindinamupemphe chilolezo.

Sitidzakuiwalani, Amayi, ngakhale kuti tikukukumbukirani aliyense payekha.