Masaya a Usipa

Nkope, Mangochi
11 Okutobala 1984

Okondedwa amake Keti,

Choyamba ndifunse moyo wanu ndi wa mwana wathu kuchipatala ku Blantyre uko. Kodi chotupa chapatsaya chija chikuphwa? Nanga phala akumeza? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Amayi mwendo ukuwavutabe koma kutchalitchi akufika. Mwana wathu Paulo akusewera, amangokufunsani.

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri. Mwalemba kuti Keti tsiku lililonse akufunsa za tinyama take tiwiri tija, tihamusita, anamusiyira asisita a kumishoni pobwerera kwawo, ngati Usipa ndi Kambuzi akudya. Funso limeneli ndi limene landichedwetsa kuyankha.

Mukudziwa kuti ine tinyamati sindinatifune. Kanthu kosadyedwa, kosaikira mazira, kogona usana wonse. A Atumani, anzanga a pabwato, mpaka lero amandiseka, ati mwamuna wandevu kuweta mbewa zachizungu.

Koma tsiku munkakwera basi lija mwana anandigwira malaya, pakamwa posatseguka bwino, n'kundilangiza. Anati kalikonse m'bokosi mwake chifukwa timamenyana, mchenga wouma wosambamo, madzi m'kachitsekerero ka botolo, ndipo tisaone dzuwa. Ndinalonjeza. Ndinkachitadi zonsezi, mchenga mpaka kusefa ndi sefa yanu ya ufa. Chakudya chokha ndinkangothira m'mawa n'kuthamangira kunyanja, osaima kuona mmene timadyera.

Lamlungu lapitali, pochokera kutchalitchi, ndinasuzumira m'bokosi la Usipa. Amake Keti, masaya onse awiri anali atatupa mpaka m'mapewa. Ndendende mmene linayambira tsaya la mwana wathu.

Ndinati basi, matenda aja kochokera kwake ndi kuno, pajatu mwana ankakagoneka pakhosi kanyamaka, kukapsompsona. Ndinayang'ana Paulo, ali khale pafupi ndi mabokosiwo, chala m'kamwa.

Sindinafunse munthu. Chipatala cha mishoni chili pafupi pomwepa, koma sindinapiteko. Ndinatunga madzi m'ndowa, kanyamako ndinakakulunga m'kansanza. Sikanandilume n'komwe. Zinazo musandifunse.

Pokakwirira kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba, ndinati ndichione chotupacho, mwina ndingakafotokozere adokotala anu. Nditasindikiza tsaya ndi chala, munatuluka mapira. Mapira, ndi tizidutswa ta mtedza umene ndinaswa ndekha m'mawa womwewo. Tsaya linaphwa. Linalo chimodzimodzi.

Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo mpaka amayi anabwera kudzandifuna.

Tsiku lomwelo ndinathirira Kambuzi mapira n'kukhala chiyang'anire. Kanalonga m'masaya mpaka kutupa, kanapita pakona, kanakhuthula ndi timanja take n'kukwirira ndi utuchi. Kani ndi mmene timatutira chakudya, ngati munthu wopita kunkhokwe. Keti ankazidziwa zimenezi. Sanandiuze chifukwa ankayesa bambo ake ali ndi maso.

A Atumani nditawauza sanaseke. Anati ndingonena kuti kanagwidwa ndi mphaka, mwana alira tsiku limodzi n'kuiwala. Amayi atinso zomwezo. Koma mwana ameneyu ndinamuuza kuti jakisoni sapweteka. Ndinamuuzanso kuti ku Blantyre mukakhalako sabata imodzi yokha, lero ndi yachisanu ndi chimodzi. Bodza lachitatu sindingathe.

Komanso ndikuopa. Mwalemba nokha kuti akakana phala mumamunyengerera kuti adye achire, akaone Usipa. Ndiye ine ndamulanda chimene ankadyera. Akamva lero n'kusiya kudya, ndidzakhala ndapha awiri.

Pempho langa ndi ili. Chonde musamuuze, komanso musamunamize m'malo mwanga. Akafunsa, muzimuuza kuti Kambuzi akudya bwino ndipo mchenga ababa akusefa. Zimenezo ndi zoona. Akafunsa za Usipa, munene kuti ababa akubwera, adzafotokoza okha.

Ndikwera basi Loweruka la sabata yamawa. Khadi lachipani ndagula latsopano kuti a Yufu asanditsitse panjira. Mukandilandire panja, mundiuze kaye ngati ali ndi mphamvu. Ngati alibe, ndidzangokhala naye n'kubwerera nawo mlandu wanga. Ndidzadikira mpaka tsaya litaphwa, kuti adzathe kutsegula pakamwa bwinobwino n'kundikalipira. Tsiku limenelo ndikulifuna kuposa chilichonse.

Inunso mundikhululukire. Munandisiyira zinthu zochepa zoti ndisamale.

Mulungu akusungeni nonse awiri. Mundiperekere moni kwa alamu a Jenkins ndi akazi awo, ndithokoze chifukwa chokubweretserani chakudya kuchipatalako. Keti mumusisite pamutu, kutsaya musakhudzeko.

Bokosi la Usipa sindinalichotse. M'mawa uliwonse ndimapezeka ndathira mapira mbali zonse ziwiri.

Ndine mwamuna wanu,
Rowland