Za Injini ya Malemu ndi Chitunda cha ku Chipatala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GALIMOTO YA ODWALA

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: Chipinda chakumbuyo kwa galaja ya a Makaniko

Opezekapo: Wapampando, Mlembi, Msungichuma, a Namwino, a Makaniko, a Chimphepo (dalaivala wathu, mlamu wawo wa a Makaniko) ndi Mayi a Mapasa (amene anapereka injini).
Opepesa: a Telala, apanikizika ndi zovala za ukwati.
Osabwera popanda uthenga: a Wowotcherera, ngakhale nyundo yawo inkamveka kuseri kwa khoma msonkhano wonse.

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana ndipo a Namwino anapemphera. Mipando itaperewera, Msungichuma anakhala pa tayala.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zolembedwazo. Zinakumbutsa kuti galimoto yakale yonyamula buledi inasinthidwa kukhala yonyamula odwala a m'dera lino. Inaikidwa bedi, botolo la mpweya ndi chitsulo chokwezera njinga za odwala. Popeza injini yake inali itafa, munaikidwa ina ya masilinda anayi yochokera m'galimoto yaing'ono ya malemu amuna awo a Mayi a Mapasa. Pa ulendo woyamba galimotoyo inalephera chitunda cha ku chipatala n'kuyamba kubwerera chambuyo wodwala ali m'kati, mpaka ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu anaitchinga ndi miyala. Komiti inatuma a Makaniko kuti aiwonjezere mphamvu.

A Chimphepo anapempha kuti mawu akuti "inabwerera chambuyo" asinthidwe kukhala "inapumirako". Pempholi linakanidwa ndipo zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. LIPOTI LA A MAKANIKO

A Makaniko anati injiniyo inalibe matenda. Inangozolowera kunyamula banja limodzi, osati bedi ndi zitsulo. Anati ntchito yonse inali yoti izipuma bwino: izikoka mpweya wokwanira, iziwotcha mafuta onse, utsi uzituluka osatsamwa. Anachotsa mutu wa injini n'kukaupalitsa pang'ono kuti moto uziphulika mothinana. Anasalaza timipata todutsa mpweya, anaika kabyuleta yokulirapo yosakanizira mafuta ndi mpweya, ndipo anasuntha nthawi imene mapulagi amathetheka moto. Paipi yakale ya utsi inali yopapatiza, choncho a Wowotcherera anapinda ina yotakasuka. Anaikanso radiyeta yaikulu kuti injini isamatenthe pokwera.

Anati mphamvuyo anaiika pansi, poyambira kukoka, osati pa liwiro. Poyesa ananyamula matumba a simenti pa bedi, ndipo a Namwino anaika kapu ya madzi pamwamba pake. Galimoto inakwera chitundacho madzi osatayika.

Msungichuma anafunsa ngati galimotoyo siyamba kumwa mafuta mopitirira. A Makaniko anayankha kuti zimenezo afunse phazi la mlamu wawo.

Wapampando anathokoza a Makaniko chifukwa chotseka galaja yawo kwa makasitomala ena mpaka ntchitoyi itatha. Anathokozanso a Wowotcherera mokweza mawu, atayang'ana khoma. Nyundo inaima pang'ono, kenako inapitiriza.

4. PEMPHO LA TEBO

A Chimphepo anati ntchito ndi yabwino koma yalekezera panjira. Anapempha kuti paikidwe tebo, chida chokankhira mpweya wambiri mu injini, chifukwa maminibasi akuwapitabe ndipo makondakitala amawabayibitsa pa zenera.

A Namwino anatsutsa. Anati anakwerapo galimoto ya tebo, ndipo mphamvu yake imabwera modzidzimutsa ngati munthu wakukankha kumsana. Anati wodwala wothyoka fupa amamva giya iliyonse imene dalaivala wasintha. A Makaniko anawonjezera kuti mapisitoni a injiniyi sangapirire tebo, ndipo mabuleki ndi omwe aja a buledi.

A Chimphepo anati mlamu wawo ndi wamantha chibadwire, ndipo anatenga zaka kuti angopereka moni kwa mlongo wa a Chimphepowo. A Makaniko anati komabe anamukwatira, ndipo sanamugwetsepo mu ngalande monga anachitira anthu ena ndi njinga yamoto. Wapampando analamula kuti zakunyumba zikathere kunyumba.

Nkhaniyi inapita ku mavoti. A Chimphepo anakweza manja onse awiri koma linawerengedwa dzanja limodzi. Tebo inakanidwa.

5. ULENDO WA LACHITATU

Msungichuma anapempha kuti alankhule ataimirira. Wapampando anakumbutsa komiti kuti Msungichuma ndi amene kuyambira pachiyambi ankati galimotoyi igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Msungichuma anati zimenezo zikudziwika kale, sizikufunika kulembedwanso. Wapampando anati zilembedwe.

Msungichuma anafotokoza kuti Lachitatu m'mawa amayi awo anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Matakisi anabwera koma anabwerera, chifukwa amayiwo sankatha kukhala tsonga, ndipo ankalira akangowakhudza mwendo. Atasowa pogwira anaimbira a Namwino, ndipo galimoto yathu inafika mvula ikugwa.

Anati pakati pa chitunda anapeza lole itafa, moti galimoto yathu inayenera kuima pamalo omwe aja inabwererapo. Iwo anali kumbuyo atagwira dzanja la amayi awo, ndipo pa galasi lakumbuyo ankangoona msewu wonyowa ukutsetsereka mpaka kumunsi. Anaona ogulitsa malonda aja akutola kale miyala. Mpata utapezeka, a Chimphepo anamasula buleki pang'onopang'ono, galimoto n'kunyamuka osagwedezeka ngakhale pang'ono. Atafika pa geti la chipatala, amayiwo anatsegula maso n'kufunsa kuti, "Kodi chitunda chija tifika liti, kuti ndilume nsalu?"

Msungichuma anati amayi awo achitidwa opaleshoni ndipo ayamba kale kudandaula za chakudya cha m'chipatala, zimene banja likuziona ngati chizindikiro chabwino. Kenako anatembenukira kwa a Makaniko ndi a Chimphepo n'kunena kuti: "Abale anga, pachitunda paja ndinalibe chilichonse choti ndingawachitire mayi anga. Ndinangowagwira dzanja basi. Zinazo munachita ndinu. Zikomo."

Anapita kukagwira chanza aliyense, kuyambira Mayi a Mapasa. A Namwino anapempha kuti zilembedwe kuti a Chimphepo sanapite galimoto ina iliyonse ulendo wonsewo. A Chimphepo anatuluka kaye panja kukaona matayala.

6. MAWU A MAYI A MAPASA

Wapampando anapempha Mayi a Mapasa kuti anenepo, popeza injiniyo inachokera kwawo. Iwo anathokoza onse, koma anati ali ndi kanthu kamene akhala akukabisa. Anati amuna awo ali moyo, injiniyo ankaizindikira ikadali pa ngodya ya msewu, ndipo ikangomveka ankaika madzi osamba pamoto. Poipereka ku komiti, mumtima ankayembekezera kuti aziimva ikudutsa pakhomo pawo. Koma chisinthireni paipi ya utsi, mawu ake anakula n'kukhala ena. Lachitatu inadutsa iwo ali pakhonde, ndipo anangoiona ndi maso, makutu sanaidziwe.

A Makaniko anapepesa, nati sanaganizeko zimenezo. Anati paipi yakale anaisunga, ndipo akhoza kuibwezeretsa mawa lomwe, ngakhale mphamvu ingatsikeko.

Mayi a Mapasa anafunsa ngati ndi paipi yakaleyo galimoto ikananyamuka pakati pa chitunda Lachitatu. A Makaniko anati sakukhulupirira.

Mayi a Mapasa anati: "Ndiye isiyeni choncho, achimwene. Bambo a Mapasa anamwalirira pa mpando wakumbuyo wa takisi, atapindidwa ngati katundu, tikuthamangira kuchipatala komweko. Akanakhala ndi bedi ngati ilo, bwenzi atapita atagona bwino, mutu uli pamiyendo panga. Mawu atsopanowa ndiwazolowera."

Wapampando anaimitsa kaye msonkhano. Utayambiranso, komiti inagwirizana kuti paipi yakaleyo itsukidwe n'kuperekedwa kwa Mayi a Mapasa.

7. ZINA NDI ZINA

(a) A Namwino anapempha lamba wina womangira wodwala pa bedi. A Telala adziwitsidwa.

(b) A Chimphepo anati pakufunika dalaivala wachiwiri wa masiku amene iwo ali ku ntchito. Wapampando anafunsa ngati alipo amene akudziwa munthu wodalirika. Mayi a Mapasa anakweza dzanja. Atafunsidwa kuti akutchula ndani, anati akudzitchula okha. Anati malemu ankangoti adzawaphunzitsa akadzapuma pa ntchito, ndipo tsopano mapasa akula, masana amangokhala. Msungichuma anavomereza pempholi Wapampando asanamalize kufunsa. A Makaniko ndi a Chimphepo anayamba kulimbirana kuti mphunzitsi akhale ndani. Komiti inagamula kuti a Makaniko aphunzitse kunyamuka, a Namwino aphunzitse kuima, ndipo a Chimphepo azikhala kumbuyo atanyamula kapu ya madzi.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka loyamba la mwezi wamawa, malo omwewa. Msungichuma anatseka ndi pemphero nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando analamula kuti izinso zilembedwe. Titatuluka, Mayi a Mapasa anapempha makiyi n'kukwera pa mpando wa dalaivala. A Makaniko anawasunthira mpando kutsogolo kuti mapazi afike. Analiza injini okha, kenako anatsitsa galasi n'kutipempha kuti tikhale chete pang'ono, akufuna aimve bwino. Tonse tinaima pabwalo osayankhula. Ngakhale nyundo ya kuseri kwa khoma inaleka.

Wosaina: ______________________
Wapampando

Wosaina: ______________________
Mlembi