Nambala Imene Ikukana Kubwerera

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino, ndiponso kuti mankhwala a m'maso aja mukudonthezera kawiri pa tsiku, osati pokhapokha mukakumbukira. Ine kuno thupi lili bwino.

Mwezi watha ndinakuuzani pa foni kuti kuntchito andikaniza tchuthi chodzakhala nanu pa opaleshoni ya maso. Bambo, ndinanama. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanapemphe n'komwe. Ndiloleni ndiyambire kutali, chifukwa inu amene munaphunzitsa masamu zaka makumi atatu mumva msanga kuposa mabwana anga.

Mumauza anthu kuti mwana wanu amakonza makompyuta. Zoona zake n'zakuti ndimasamala kachigawo kakang'ono ka laibulale, kapena kuti nkhokwe ya zida zokonzeratu, ya chinenero chimene anthu amalembera mapulogalamu. Kompyuta imawerenga m'mawiriawiri, choncho kwa iyo 0.1 ndi nambala yosatha, monga mmene gawo limodzi mwa magawo atatu limatichitira ife. N'chifukwa chake mukaphatikiza 0.1 ndi 0.2 imakulemberani 0.30000000000000004, ngati ikukuyesani dala. Kachigawo kangako kamatenga nambala ya kadontho n'kuilemba kuti munthu aiwerenge. Iyenera kukhala yaifupi mmene zingathekere, komanso ikabwerera m'kompyuta ikhale yomweyo, osasintha ngakhale pang'ono. Anthu osawerengeka amadalira kachigawoka osadziwa kuti kaliko.

Poyamba kanalembedwa ndi munthu wina amene tinkamutchula Mdala. Atapuma ntchito anasiyiratu kuyankha makalata. Zaka zitatu zapitazo ndinakalembanso ineyo, kanayamba kuthamanga kanayi kuposa kale, ndipo anzanga anandigulira keke. Ndinayenda mapewa m'mwamba sabata yonse.

Mu Novembala, m'mawa wa Lachiwiri, ndikuyesa zina, ndinapeza nambala imodzi imene inatuluka n'kubwerera itasintha kumapeto. Ndinafufuza mpaka ndinaona pamene panalakwika. Ndinalemba "chochepera" pamene panafunika "chochepera kapena chofanana". Inu mukanangozungulizapo ndi cholembera chofiira. Ine ndinatseka kompyuta n'kupita kukapanga tiyi. Ndinadziuza kuti ndi nambala imodzi mwa mamiliyonimamiliyoni, ndani angaiponde? Ndinakhala chete miyezi yoposa itatu. Tchuthi ndinaopa kupempha, poganiza kuti ndikachoka wina akhala pampando wanga n'kuona.

Masabata awiri apitawo tinalandira kalata ya mayi wina amene amayeza mphamvu ya mankhwala. Makina ake awiri ankasemphana pa nambala imodzi. Anali atabwereza ntchitoyo kambirimbiri, atakangana ndi anzake, ndipo anatsala pang'ono kutaya zonse zimene anayeza chaka chathunthu. Pomaliza analemba kuti, "Chonde ndiuzeni, kodi wolakwa ndi ine?"

Tsiku lotsatira tinali pamsonkhano m'kachipinda kathu kagalasi, kamene mawindo ake satseguka. Mkulu wa gulu lathu, amene timamutcha Wandevu, anawerenga kalatayo mokweza.

"Ndinkadziwa," ndinatero.

"Kuyambira liti?" anafunsa Wandevu.

"Novembala."

Ndikanakonda Wandevu akanandikalipira, koma anangovula magalasi n'kufunsa modekha, "Kukonza kutenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi imodzi."

"Nanga ndani atsimikize kuti simunaonongenso pena?"

Lamulo lathu n'lakuti chilichonse chosinthidwa mu laibulale chivomerezedwe ndi munthu wachiwiri amene wachimvetsa. Kachigawo kangaka palibenso amene amakamvetsa. Kale zimenezi zinkandipatsa matama.

"Ndiye muphunzitse munthu," anatero Wandevu. "Mpaka atavomereza, musayambe zolankhula za tchuthi."

Mwina mukuti, bwanji osangosiya ntchitoyo? Ndinaganizapo. Koma chilolezo changa chokhalira kuno kudziko la eni chinamangidwa pa ntchito yomweyi. Ndikasiya, basi ndalongedza zonse, ndipo mayi uja atsala ndi nambala yake yolakwika. Kumeneko n'kumene ndagwira njakata.

Anandipatsa anthu awiri. Woyamba anapirira masiku atatu, kenako anaimirira n'kunena kuti, "Achemwali, ine ndili ndi ana aang'ono, musandipweteketse mutu." Wachiwiri ndi mayi wofatsa amene amalemba zonse m'kope. Tsiku lililonse timakhala m'kachipinda kagalasi kaja kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ine ndikujambula mizere pa bolodi. Dzulo anandifunsa funso limene linanditengera ola lathunthu kuti ndiyankhe, ndiye ndikuona kuti afika. Koma iye mwini akuti mwina kumapeto kwa Meyi.

Mayi wa mankhwala uja ndinamuyankha ndekha. Ndinamuuza kuti wolakwa ndi ine, ndiponso kuti ndinadziwa kalekale. Anangoyankha kuti, "Zikomo, ndagona tulo." Za kukhululuka sanatchule, ndipo sindinamupemphe.

Choncho Bambo, pa 22, tsiku la opaleshoni yanu, sindidzakhalapo. Tsopano andikanizadi, ndipo chifukwa chake ndi ine ndemwe. Simunandilere kuti ndizibisa cholakwa pansi pa kope. Ngati mwakwiya, kwiyani ndithu, koma mundiimbire.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti nsapato zawo ndinagula. Moni kwa alamu ndi ana.

Iwe mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera kalatayi, ndipo ndikhulupirira kuti sunadumphe mzere. Tsiku limenelo udzawagwire dzanja lamanzere, chifukwa lamanja limanjenjemera ndipo safuna kuti anthu aone. Adokotala akadzawamasula nsalu, Bambo adzayamba kuyang'ana uku ndi uku m'chipindamo. Usadzawasiye afufuze nthawi yaitali. Udzawakumbutse msanga kuti sindinabwere.

Ndine mwana wanu woyamba.